Mandimu a M'chitini

Sukulu ya pulayiveti ya m'tauni masiku ano imadziwika ndi zinthu zitatu: geti lachitsulo, dzina lothera ndi Academy, ndi fungo. Fungolo si la choko kapena la Cobra wopaka pansi. Ndi la mandimu, nthawi zina lavenda, ndipo limakhala m'chitini chimene madamu amasunga m'kabati pamodzi ndi rejisitala ndi kachikwapu kamene mwalamulo kulibe.

Kholo likafika kudzafunsa malo, a hedi amatuma mwana kuti akanong'oneze madamu a Sitandade 5 kuti kukubwera alendo. Madamu safufuta bolodi. Amatenga chitini, kuchigwedeza, n'kuyamba ulendo kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, mkono m'mwamba, pfuu, pfuu. Kholo limasuzumira pakhomo, kukoka mpweya, n'kugwedeza mutu: "Apa ndiye pasukulu." Fizi ya temu yonse yavomerezedwa ndi mphuno. Za masamu lidzafunsa chaka chamawa.

Tisawanamizire madamu, ntchito ali nayo. Chichokereni 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi a boma anadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo amene anali ndi kangachepe anathamangitsira ana awo ku pulayiveti. Zina mwa sukuluzi zinali nyumba zogonamo, ndipo chipinda chimene munkagona anthu awiri lero ndi kalasi yathunthu. Ndiye ufike mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka, ana abwerera ku buleki atathamangitsana ndi mpira wa majumbo. M'zikwama muli dzira lowiritsa, usipa wa dzulo, Kamba Puffs, ndi sokosi zimene zinaona madzi komaliza Lamlungu. Mazenera ndi otseka. Lina analitseka chifukwa cha fumbi, lina chifukwa cha phokoso la oyitanira minibasi, lachitatu linamatidwa ndi penti pamene ankakongoletsa sukulu, ndipo lachinayi lili ndi katani yodula yosayenera kuuluzidwa ndi mphepo wamba.

Chitinicho sichitulutsa chilichonse panja. Chimangoyala fungo lake pamwamba pa linzake, ngati kufunditsa chitenje chatsopano pa mbale zosatsuka apongozi akatulukira. Choncho m'kalasi mumamveka dzira, usipa ndi sokosi monga kale, kungoti tsopano zathiridwa ndimu. Vuto lina ndi mphuno yeniyeniyo, imatopa msanga. Ikakhala m'fungo limodzi kwa mphindi zochepa imaleka kulimva, ndipo madamu amaganiza kuti mankhwala atha mphamvu. Amapoperanso. Sukulu zotsogola zinagula kamakina kopachika kukhoma kamene kamadzipopera kokha pakapita mphindi zingapo, osasamala kuti ana ali pa mayeso kapena pa Atate Wathu.

Akatswiri a za mpweya amati fungo la mandimulo limachokera ku mankhwala otchedwa limonene, ndipo mankhwalawa akakumana ndi ozone mumpweya amatulutsako pang'ono formaldehyde, mankhwala odziwika bwino kumochale. Koma izi musakazinene pa msonkhano wa makolo. Adzakufunsani kuti mwana wanu anakhala nambala chani.

Pa desiki yakumbuyo pali mtsikana wa mphumu. Chitini chikangolira, iye maso kufiira, kukhosi kuyabwa, chifuwa kuyamba kuimba likhweru. Amapisa m'thumba kufuna kampope kake kabuluu.

"Iwe, ukutsokomola chiyani?" amafunsa madamu.

"Sipuleyi, madamu."

"Sipuleyi yatani? Kwanu simupopera?"

Kalasi yonse gwedeee, kuseka. Apa ndiye pagona mwambo wa m'tauni. Kudandaula za fungo loipa ndi chizindikiro cha ukhondo. Kudandaula za fungo labwino ndi chimidzi, kapena nsanje. Mphunzitsi wa Chichewa wakhala akudwala mutu waching'alang'ala chiyambire temu, ndipo akudziwa bwino lomwe kuti gwero lake ndi perefyumu wa madamu amene amakhala moyandikana nawo mu sitafurumu. Koma angayambe bwanji? Perefyumuyo anabwera ndi achemwali awo kuchokera ku Johannesburg. Kumunyoza n'kunyoza banja lonse, ndi basi imene anakwera. Choncho amameza Panado, ndipo akafunsidwa amati ndi dzuwa.

Nkhani inafika ku msonkhano wa makolo pamene amayi a mtsikana uja anaimirira, atagwira m'manja kabuku ka kuchipatala.

"A tcheya, pepani, mwana wanga sapuma bwino akapopera m'kalasi."

"Mayi, mwanayo azolowera," anayankha a tcheya mokoma mtima. "Ino ndi tauni."

Bambo wina wa tayi anapempha kuti tisamakokomeze zinthu: ngati mandimu akuvuta, asinthe agule lavenda. Mayi wina anati mwana wotsokomola akamva fungo labwino n'ngofunika mapemphero, ndipo anali ndi nambala ya munthu wodziwa kusala kudya. A msungichuma anaikira kumbuyo chitini ndi mtima wonse, mpaka misozi kulengeza. Aliyense m'holomo ankadziwa kuti makatoni a zitinizo amabwera ndi akazi awo kuchokera ku Dar es Salaam, koma ulemu sulola kutchula katundu wa munthu iye ali pomwepo.

Kenaka anaimirira bambo amene anakaphunzira ku Canada. Anafotokoza kuti mumzinda wa Halifax zipatala ndi sukulu zambiri zimapempha anthu kuti asalowe atadzola zonunkhiritsa, pofuna kuteteza amene zimawadwalitsa. Holo inakhala chete pang'ono, kenaka wina kumbuyo anati, "Azungu afika posauka choncho?" Anaseka mpaka a hedi, amene nthawi zonse saseka pamaso pa anthu amene sanamalize fizi.

Agogo olondera pageti, amene anaitanidwa kudzanyamula mabenchi, anapempha mawu.

"Mabwana, ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma bwanji osangotsegula mazenera? Chimbudzi chija chili kuseri kwa Sitandade 5 chikathiridwe madzi ndi sopo m'mawa ndi masana. Zotsala za chakudya azitaya panja. Ana akachoka ku mpira azisamba m'manja ndi kumaso. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwanayu wamva m'chifuwa, mulekeni atsegule zenera."

Anthu anayang'anana. Mfundoyo inali ndi chilema chachikulu: inali yaulere. Chinthu chopanda lisiti, chopanda katoni, chosatheka kuchijambula n'kuika pa gulu la WhatsApp la makolo, chingatchedwe bwanji chitukuko? Mpweya wa pazenera ndi womwewo umene amapuma ana a sukulu ya boma kutsidya kwa msewu. Kholo silingalipire fizi yonseyo kuti mwana wake azipuma zofanana ndi aliyense.

A tcheya anathokoza agogo chifukwa cha nzeru zachikale, n'kuwakumbutsa kuti mabenchi akudikira. Kenaka msonkhano unagwirizana mfundo zinayi. Mtsikana wa mphumu asamukire pa desiki ya pafupi ndi zenera. Pakhazikitsidwe kakomiti ka anthu asanu kofufuza ngati zeneralo lingatseguke popanda kuwononga penti. Kakomitiko kapeze makotesheni atatu a kalipentala. Podikira lipoti, kholo lililonse lisonkhe kangachepe kogulira zitini za lavenda, poti mandimu aoneka kuti ali ndi adani.

Mlembi analemba zonse mwaluso. Pa mfundo yomaliza anawonjezera kuti zeneralo, kakomiti kakavomereza, lidzatsegulidwa mwamwambo temu yamawa, akangopezeka mlendo wolemekezeka wodzadula riboni. Alendo onse adzalandira Fanta ndi samusa, ndipo kalasiyo idzapoperedwa bwinobwino mwambowo usanayambe.