Phukusi la moyo ndi anyamata a makompyuta

Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Adanena zimenezi asanadziwe kuti kudzabadwa mtundu wa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, amene m'mawa uliwonse amasungitsa mapukusi awo kwa anthu amene sanawaonepo nkhope, ena sadziwika n'komwe ngati akadali moyo.

Masiku ano palibe amalemba pulogalamu yonse yekha. Mtsikana wa pa Chitakale akafuna kupanga kapulogalamu kolembera makilo a tiyi amene alimi ang'onoang'ono apereka, sayamba n'kuphunzitsa kompyuta kuwerenga madeti. Amabwereka kachidutswa kamene wina analemba kale n'kukaika pa intaneti. Chinenero chilichonse cha kompyuta chili ndi wonyamula katundu wake wokatenga zidutswazi, monga aja amadikira alendo pa Likhubula kuti awasenzere zikwama kukwera ku Chambe pa phiri la Mulanje. Kusiyana kwake n'kwakuti wa pa Likhubula umamudziwa dzina, ndipo sanyamula zimene sunamutume.

Wa JavaScript dzina lake ndi npm, adayamba ntchito mu 2010, ndipo ndi wamphamvu zosafunsa. Ukamutuma phukusi limodzi amabwera ndi mazanamazana, chifukwa limene wapemphalo limadalira ena, enawonso amadalira ena. Zonse amazikhuthulira m'foda yotchedwa node_modules, ndipo ukayamba ntchito ina amaunjikanso zomwezo mulu wachiwiri. Mumuluwo muli zodabwitsa. Muli phukusi lotchedwa is-even, ntchito yake yonse ndi kukuuza ngati nambala ingagawike pawiri popanda chotsala. Nalonso silidziwa lokha yankho: limafunsa lina lotchedwa is-odd, limene limayamba lafunsa is-number ngati chinthucho chilidi nambala. Mwana wa sitandade 3 amayankha funsoli akutafuna nzimbe.

Mwambi uja udagwira ntchito mu Malichi 2016. Azer Koçulu anali ndi phukusi lotchedwa kik, ndiye kampani ya Kik idafuna dzinalo. Eni npm atapereka dzinalo ku kampaniyo, mkuluyo adakwiya n'kuchotsa mapukusi ake onse oposa 250. Pakati pawo panali left-pad, kamizere 11 kokha, kongowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Koma Babel ndi zida zina zikuluzikulu zinkadalira kameneka, moti tsiku limenelo mapulogalamu ambirimbiri padziko lonse adakana kumangika mpaka eni npm adakabwezeretsa mwiniwake asanavomere. Mu 2018 zidaposa pamenepo. Wosamalira phukusi la event-stream adatopa nalo n'kulipereka kwa mlendo amene adadzipereka kuthandiza, mlendoyo n'kubisamo kachinthu kobera Bitcoin kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Copay. Mlendo waulemu ndithu, adachita kupempha.

Wa Python ndi pip. Iyeyu sanyamula zambiri, koma kwa zaka zambiri ankangoponya katundu osayang'ana ngati mapukusi awiri akugwirizana. Adayamba kuyang'anitsitsa bwino chakumapeto kwa 2020. Komanso amakonda kuika za ntchito zonse pamalo amodzi, ndiye ukakonza pulogalamu ya lero, ya chaka chatha imafa mwakachetechete. Mankhwala ake ndi venv, kuti ntchito iliyonse ikhale ndi kachipinda kake. Kenako padabwera conda, Poetry, ndipo mu 2024 uv, aliyense akulonjeza kuthetsa chisokonezo. Funsani anthu atatu a Python kuti mugwiritse ntchito chiti, mudzapita kwanu ndi mayankho asanu.

Cargo wa Rust ndi mwana woleredwa bwino. Amalemba chilichonse wanyamula m'fayilo ya Cargo.lock, ndipo ku crates.io mwini phukusi limene ena akulidalira sangangolizula chifukwa wapsa mtima. Amangoikapo chizindikiro choti atsopano asalitenge. Vuto lake ndi lakuti zonse amazimanga pa kompyuta yako, laputopu n'kutentha, batire n'kumatsika magetsi atazima. Mu Juni chiperoni chikagwira phiri, otha moto ena amaothera pomwepo.

Maven wa Java, wa mu 2004, anthu amamuseka kuti tsiku loyamba amakopera intaneti yonse. Koma ndi mdala wodziwa kusunga: chimene watenga kamodzi amachiika m'foda ya .m2 ndipo sakachitenganso. Musamuderere. DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala za m'maboma onse, Mulanje yemwe, idalembedwa mu Java ndipo imamangidwa ndi mdala ameneyu. Wa Go naye ali ndi khalidwe lachikale limene ndimalikonda: sathamangira zatsopano, amasankha mtundu wakale kwambiri umene ukukwanira zimene wapempha, ndipo ukalemba go mod vendor amakopera mapukusi onse m'nyumba mwako.

Anzathu a ku San Francisco akamayerekeza zida zimenezi amawerenga masekondi. Kuno timawerenga makwacha. Pa Limbuli kapena pa Muloza, pomwe foni nthawi zina imasochera n'kugwira netiweki ya ku Mozambique, chida chabwino ndi chimene sichikugulitsa bandulo kawiri pa katundu mmodzimodzi. N'chifukwa chake kwa ine pnpm, wonyamula katundu wina wa JavaScript, amaposa npm: amasunga kope limodzi la phukusi lililonse, ntchito zonse n'kumalozera pomwepo. N'chifukwa chakenso wanzeru akafika pa Wi-Fi yaulere ku Blantyre sayamba ndi mafilimu, amayamba ndi pip download n'kudzaza fulashi.

Komabe akuluakulu aja sadatiuze zonse. Phukusi losunga wekha limafumbwa. Mu Disembala 2021 mutapezeka bowo mu Log4j, phukusi la Java limene lili m'mapulogalamu osawerengeka, amene adavutika kwambiri ndi aja sankadziwa n'komwe kuti ali nalo, litakwiririka pansi pa mapukusi ena kuyambira kalekale. Kusunga wekha kumafuna kumasula mfundo nthawi ndi nthawi n'kuona zimene zili m'kati, ndipo kumasulako kumafunanso bandulo.

Pali malangizo amodzi amene akatswiri a kunja amapereka pa vuto lililonse la JavaScript, kaya ndi lalikulu kaya laling'ono: fufutani node_modules yonse, muyambirenso npm install. Amanena mokoma mtima, ndipo nthawi zambiri zimathekadi. Ine ndikungopempha kuti wopereka malangizo otere kwa munthu wa ku Mulanje aziyamba watumiza mayunitsi.