Kodi Akuba Anakuchezerani?

Nditalowa m'nyumba ya mwana wa mlongo wanga ku Johannesburg, ndinayamba ndi kupepesa. Pabalaza panali sofa imodzi yotuwa ngati mgaiwa, katebulo kathabwa, mipando iwiri yoluka, ndi mtsuko pakona wopanda ngakhale dontho la madzi. Khoma lonse linali lopanda kanthu, lopanda ndi kalendala yomwe.

"Pepa mwanawe. Akuba anabwera liti?"

Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amalume, sitinaberedwe. Tinachita kufuna. Amati warm minimalism: katundu wochepa, koma nyumba yoti ukalowamo mtima ukhale m'malo."

Ine sukulu ya zimenezi sindinapite, choncho ndinangoyamba kufunsa. Kodi munthu wapantchito yabwino chonchi angasowe kabati yagalasi? Nanga mbale za alendo amaziika pati kuti alendowo azione? Anandiyankha kuti mbale ali nazo zisanu ndi zitatu, ndipo zonse amadyeramo tsiku ndi tsiku. Ndinakhala chete. Kwathu mbale zabwino zimakalamba m'kabati zisanalawe ndiwo.

Akuti nzeruzi zinachokera ku Japan ndi kumaiko ozizira monga Denmark ndi Sweden, ndipo ena amazisakaniza n'kuzitcha Japandi. Anatchulanso mayi wina wa ku Japan, Marie Kondo, amene analemba buku mu 2011 n'kudzatchuka pa Netflix mu 2019. Mayiyu amaphunzitsa kuti ugwire chinthu m'manja, ndipo ngati sichikukusangalatsa uchithokoze n'kuchichotsa. Ndinafunsa ngati chikwanje chimasangalatsa munthu. Nanga ambulera, nyengo yachilimwe? Kenako ndinafunsa ngati mayiyo ali ndi ana. Ali nawo atatu, ndipo mu 2023 anavomera yekha kuti chibadwire wachitatuyo kunyumba kwake sikukhalanso mwadongosolo ngati kale. Apo ndiye ndinayamba kumukhulupirira.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi khoma. Ndinaligwira: linali lokhakhala, lamawangamawanga, pena potuwa pena poderapo. Ndinamunong'oneza kuti wopenta anamubera ndalama. Ayi ndithu, akuti anachita kumulipira kuti lioneke choncho, ndi laimu wosakaniza ndi mtundu wa dothi, wopaka ndi burashi yaikulu mopingasapingasa. Tsono ndinakumbuka agogo ake, mayi anga, akuzira nyumba ndi dothi lakudambo, manja ali matope mpaka m'zigongono. M'nyumba mwawo munali mphasa, mtsuko, lichero pakhoma ndi kampando kamodzi ka alendo. Mtundu wake unali womwewu. Katundu wochepa yemweyu. Ndiye ndinafunsa kuti, kodi agogo ako analinso a Japandi? Bwanji ife tinkangoti ndi umphawi, mpaka tinalumbira kuti tikadzapeza ndalama tidzadzaza nyumba?

Anaganiza kaye asanayankhe. "Agogo sanasankhe, amalume. Ine ndasankha."

Yankho limeneli ndakhala ndikulitafuna mpaka lero. Ndiye kuti kusowa kumakoma ukakhala kuti ungathe kugula?

Mipando iwiri ija ndinaizindikira ndisanakhalepo. Ndi yomwe ija amaluka anyamata kwathu ndi nsungwi n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Ku Johannesburg ili ndi dzina lachizungu, Malawi chair, ndipo imapezeka m'masitolo a anthu olemera. Mtengo wake sindiutchula, mungandiyese wabodza. Ine wanga ndinauchotsa pabalaza zaka zapitazo n'kuuika pakhonde, poopa kuti alendo anganene kuti ndalephera kugula sofa.

Koma ndisaname, madzulo nyumbayo inandigwira mtima. Sanayatse getsi lapadenga. Anayatsa tinyale tiwiri tam'munsi, towala mofiirira ngati nyali yagalasi. Anandionetsa pa katoni ya babu pomwe panalembedwa 2700K, n'kunena kuti nambala ikakwera kufika 6500K kuwala kumayera ngati kuchipatala. Ana ake awiri anakhala pamkeka kujambula, TV kulibe pabalaza, ndipo tinacheza mpaka usiku tikumvana bwinobwino. M'mawa anasesa nyumba yonse madzi a tiyi asanawire. Mphemvu ikanabisala pati?

Funso limodzi lokha linatsala. Ana awiri, koma pansi popanda chidole, popanda nsapato imodzi yotayika? Nanga kukagwa zovuta, kapena pa chinkhoswe, abale makumi atatu adzakhala pati, adzadyera m'chiyani? Anangoti, "Zimenezo timaona pomwepo."

Usiku ndinadzuka kufuna kuchimbudzi, n'kutsegula chitseko cholakwika. Njinga yamwana inandigwera paphazi. Kumbuyo kwake kunali makatoni mpaka kudenga, mipando yapulasitiki yosanjikiza, mapoto akuluakulu a pamwambo, zidole m'madengu, ndi zikwama zija zamizeremizere zomwe timakwera nazo basi. Ndinatseka pang'onopang'ono ngati ndaona munthu akusamba. M'mawa sindinanene kanthu, iyenso sanafunse chifukwa chimene ndinkatsimphinira.

Nditabwerera kumudzi ndinauza mayi akunyumba kuti tichotse kabati pabalaza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndinadwala malungo panjira. Kabatiyo ilipobe, ndi mbale zake za paukwati wathu. Ndinangosintha babu, n'kulowetsanso mpando wansungwi uja m'nyumba.