Mtembo womwe unkadziwa kuimba

Mpikisano wa zaluso za ana asukulu wa NASAAZ ukayandikira, masukulu a ku Petauke ndi ku Nyimba sagona. Pa sukulu ina, yomwe sinditchula chifukwa aphunzitsi ake timapemphera nawo, ankakonza sewero la nyimbo, lokhala ndi magule omwe.

Posankha osewera, anyamata ambiri anafuna ufumu. Aphunzitsi anadabwa, mpaka wina anaulula: "Mfumu imangokhala pampando, ife ena tikuvina mpaka thukuta."

Aphunzitsi anafuna kuti mfumuyo ioneke yolemekezeka ngati akuluakulu a pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, choncho anaikulunga chitenje chobwereka. Ili pakati poweruza mlandu, amayi ake analowa. "Iwe, chitenje changa! Ndikupita kuchigayo." Mlandu unatha mfumu ili m'kabudula.

Woimba ng'oma anatumidwa kukawamba ng'oma pamoto kuti ilire bwino. Oimba anadikira mpaka kukhosi kunauma. Atabwera, aphunzitsi anafunsa: "Ng'oma yakoka?"

"Ng'oma sinakoke, aphunzitsi, koma chimanga chapsa."

Gawo la pamsika linkafuna nthochi zenizeni, za ku Nyimba, zomwe amagulitsa m'mbali mwa Great East Road. Aphunzitsi ankagula ndi ndalama zawo, ndipo tsiku lililonse zinkatha ogula asanalowe. Nyimbo yodandaula njala ankaiimba masaya ali tuu. Mapeto ake anabweretsa zosapsa, ndipo njala ija inayamba kumveka m'mawu.

Koma katswiri anali mnyamata yemwe anachita kupempha kuti akhale mtembo. Akuti mtembo suloweza mawu. Vuto lake, mnyamatayo ndi wa kwaya ya kutchalitchi. Atsikana atayamba nyimbo ya maliro anaikweza mopitirira, mtembo unapirira mzere woyamba, wachiwiri unalephera. Unadzuka, kuwapatsa mawu oyenera, n'kugonanso, n'kudzifunditsa wokha.

Tsiku loyeserera komaliza makolo analoledwa kuonerera. Agogo ake a mnyamatayo, omwe sanauzidwe kanthu, ataona mdzukulu wawo ali gone pamphasa anagwa pansi n'kuyamba kubuma, kutchula mayina a makolo onse a m'banjamo. Holo yonse inagwetsa misozi, zomwe atsikana aja analephera mwezi wonse.

Atawatonthoza, aphunzitsi anagwada pambali pawo n'kunong'ona: "Agogo, mpikisanowu ndi wa ana asukulu okha. Kodi mungalole tikulembetseni giredi 9?"