Laputopu Yalowa Banki M'khonde kwa Kanyenda

Kwa Kanyenda, cha ku Dwangwa kuno, amayi a banki m'khonde ina anatopa ndi kukangana za madeti. Mwana wa amayi apampando atabwera kuchokera ku Lilongwe ndi laputopu kukhwapa, anawauza kuti makope aja akayatsire moto. Ati wawalembera pulogalamu ya JavaScript: mungoiuza tsiku loyambira, tsiku lothera ndi kukula kwa mpata, yokha izidumpha n'kumatchula madeti onse.

Oyamba kulawa anali mayi wina wa geni ya usipa. Anabwereka pa 31 January 2025, kuti azibweza mwezi ndi mwezi. Mnyamata anadina. Makina akuti: 3 March.

"February wapita kuti?" anafunsa asungichuma, magalasi ali pamphuno.

Mnyamata anakanda m'mutu. Makinawo anapita kukafuna 31 February, ndipo atapeza kuti mweziwo wathera pa 28, masiku atatu otsalawo anangowakankhira mu March. Kuchoka apo n'kumangoti 3 April, 3 May, osabwereranso m'mbuyo.

Mayi wa usipa anavina kaye chitenje chili m'manja. "Mwanangu, makina akowa ndi opemphera!"

Chaka chotsatira pa 31 January, mzere wa obwereka unakafika ku msewu wa M5.

*

Gulu linagwirizana zokumana pakapita masabata awiri aliwonse. Bambo wina wodula nzimbe anawerengetsa pansi ndi kamtengo: kawiri pamwezi, miyezi 12, ndiye kuti mkazi wake asonkha maulendo 24. Anapereka ndalama yake n'kukagona mtima uli m'malo. Makina anatulutsa 26.

Apa ndiye makina sanalakwe, anthuni. Masiku 365 mukawaduladula pa 14 amatuluka 26, choncho pali miyezi iwiri imene misonkhano imagwa itatu. Koma kodi munthu amene malipiro amawaona kamodzi pamwezi mungamuuze zimenezo? Bamboyo anafika pabwalo atakwinya nkhope.

"Iwe, misonkhano iwiri inayi, akudya ndani? Mayi ako?"

*

Yaikulu inali ya kugawana masheya. Amayi anasankha 20 December, kuti ana adzadye mpunga ndi nkhuku pa Khirisimasi. Mnyamata analemba mwezi wa 12, monga aliyense wopita kusukulu angalembere. Makina akuti: 20 January, chaka chamawa.

Paja JavaScript imawerenga miyezi kuyambira pa ziro. January ndi 0, December ndi 11, ndipo 12 ndi chaka china. Mnyamata poteteza mbiri yake anafotokoza kuti Brendan Eich, amene anaipanga mu 1995, anaimaliza m'masiku khumi okha.

Agogo ena amene anali duu chiyambire anangoti, "Zikuoneka."

*

Amalume ake a mnyamatayu ndi asodzi a chilimira, ndipo chimene ankafuna iwo ndi mndandanda wa masiku amdima, poti usipa umathamangira nyali mwezi ukabisala. Mphwawo anaika mpata wa masiku 30. Koma mwezi wakumwambawu umazungulira masiku 29 ndi theka, ndiye chaka chisanathe mndandanda unali utatsalira pafupifupi sabata yathunthu.

Usiku wina amalume anagula petulo, n'kulowa panyanja ndi alovi awo pa tsiku limene pepala linanena kuti kuli mdima wandiweyani. Atafika pakati anapeza mwezi uli ngwee, munthu kutha kuwerenga nyuzi m'boti. Anabwerako ndi usipa wosadzaza mbale.

M'mawa mwake anamuitana mphwawo n'kumuloza kumwamba. "Mphwanga, uyu sadya bandulo, safuna netiweki. Mawa uzingotukula mutu."

Banki ija inabwerera ku kope la mizere, ndipo asungichuma anagula bolopeni ziwiri. Amene mukuifuna pulogalamuyi, mnyamatayu mumupeza pa Dwangwa, akugulitsa mayunitsi.