Alamu a ku Chisi ndi nkhokwe yanga

Alamu anga a ku Chisi salima chimanga chofika nacho ngakhale pa Khirisimasi, koma ndi onenepa kuposa ine. Nkhani imeneyi imandisowetsa tulo.

Chisi ndi chilumba cha m'nyanja ya Chilwa, mapiri ndi milambe, malo olima ochepa. Ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimakwera bwato pa Kachulu, ndipo katundu akangokwera, mtengo wake umakweranso osalipira. Ndiye alamuwo atabwera kwathu ku Zakazaka ndi kathumba ka matemba, ndinati ndiwaphunzitse moyo.

"Alamu, munthu wogula chimanga ndi kapolo. Onani ine, ndimadya thukuta langa."

Anapempha kuona nkhokwe. Nkhokweyo inalipo ndithu, yomata bwino. Munali nkhuku, ikufungatira mazira.

Mayi a kunyumba sanachedwe, anatulutsa kope lawo la ngongole. Kope limenelo ndimaliopa kuposa chimbalangondo cha mwini nyumba. Anayamba kuwerenga: mbewu yogula, aganyu opalira, mankhwala a mbozi, feteleza wobzalira ndi wobereketsa. Fetelezayo amatsika m'sitima ku Beira kapena ku Nacala, amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinayamba kuthira ndi kachivindikiro ka botolo, uku ndikupepesa phando lililonse. Ngakhale mbozi zimene zimadya chimanga changa kwawo ndi ku America.

"Ndiye chakuno m'munda mwanu n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Msana wawo," anayankha mayi. "Nawonso mankhwala opaka ndi a ku India."

Atawonkhetsa zonse, zinaoneka kuti nsima yanga ndi yodula kuposa ya kuhotela ya pa Ku Chawe, kumene amakupatsa ndi kansalu kopukutira kukamwa.

Pofuna kubweza ulemu, ndinawatengera kumsika wa Zomba kuti akaone chuma cha kumtunda. Mpunga wa ku Domasi unalipo, kachewere wa kuphiri analipo. Koma ine, mkulu wolalikira zogula zakwathu, ndinapezeka ndagwira anyezi wa ku Tanzania chifukwa sawola msanga, ndi apulo mmodzi wa ku Joni woti ana anayi agawane. Nthochi nazo, chiyambire matenda a chisaka kupululutsa minda ya ku Thyolo, zambiri zimadza ndi malole odutsa m'malire. Masitiroberi a paphiri pathu pomwepa ndimangowapatsa moni. Amenewo ndi a alendo a makamera. Boma litaletsa zakudya zina zakunja mu Malichi 2025 ndinaomba m'manja mpaka kuwawa, poganiza kuti alimife tilemera. Tanzania inabwezera mu Epulo, ine ndisanapeze n'chogulitsa chomwe.

Alamu anangoti, "Ife timadziwa kuti tili pachilumba, mlamu. Timagulitsa nsomba, n'kugula ufa, basi. Inunso zanu zonse zimachita kuwoloka, kungoti bwato lanu lili ndi matayala."

Apa ndinapsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti Chilwa ndi nyanja yopanda malonjezo: inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope. "Nthawi imeneyo munathawira kwa yani? Si kuno? Simunadye nsima yanga?"

"Tinadya, mlamu, ndipo tinathokoza."

Mayi anatsegula tsamba lina la kope. "Chimanga chimenecho tinagula, bambo. Chinali cha ku Mozambique. Ndipo ndalama yake anatibwereka ndi achimwene omwewa."

Chaka chino ndilimanso, pajatu mwamuna wopanda munda anzake samufunsa nzeru pamaliro. Ndalama ya feteleza alamu avomera kundikongoza, koma akuti ndikaitenge ndekha ku Chisi, ndipo popita ndiwanyamulire thumba la ufa wogula.