Fupa la ndani m'khosi mwa achimwene?

Ine ntchito yanga ndi yosamalira maluwa ndi mitengo m'mabwalo a nyumba za ku Berea, pamtunda paja ukaima umaona sitima zikudikira kulowa padoko la Durban. Kumezanitsa mango ndi mapeyala ndimakudziwa. Koma zoti munthunso amamezanitsidwa ndinazimva tsiku limene ndinaperekeza achimwene kuchipatala, dzanja lawo lamanja litachita dzanzi moti kapu ya tiyi inkawapulumuka.

Adokotala anati m'khosi muli mafupa asanu ndi awiri, ndipo kamtsamiro ka pakati pa awiri mwa iwo kaphwanyika, kakufinya mtsempha. Akachotsa, pampatapo aikapo fupa kuti awiriwo agwirane. Adzadula kutsogolo, pambali pa kholingo.

"Adokotala, msana uli kumbuyo, inu mukalowera kutsogolo?"

Anati njira imeneyi anaiyamba madokotala Robinson ndi Smith ku Baltimore, ku America, m'zaka za m'ma 1950, chifukwa kutsogolo kamtsamiroko amakafikira osagwedeza chingwe cha mitsempha ya msana.

"Nanga fupalo lichokera kuti?"

Atha kusema kachidutswa m'chiuno mwa achimwene momwemo. Limenelo ndi lamoyo, thupi limalidziwa, limagwira bwino. Koma limasiya bala lachiwiri, ndipo ena chiunocho chimawapweteka nthawi yaitali kuposa khosi. Ndiye munthu abwere ndi khosi, abwerere akutsimphina?

Njira ina, anati, ndi fupa la munthu amene anamwalira, lochokera kunkhokwe ya mafupa. Achimwene anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kwathu ku Mangochi wopezeka ndi fupa la munthu amakagona kupolisi, kuno ali ndi nkhokwe yake? Adokotala anaseka. Anati mafupawo amaperekedwa achibale atavomera, amayezedwa HIV ndi matenda a chiwindi, amatsukidwa mpaka simutsala kanthu kamoyo.

"Ngati ndi lakufa, ligwira bwanji? Ine kanthambi kouma sindimezanitsa."

Anandifunsa chimene ndimazikira nyemba zoyanga. Ndinati timitengo touma. Anati basi, n'chimodzimodzi: fupa lakufalo ndi poyangapo chabe. Magazi ndi timaselo ta achimwene timalowamo, n'kumalidya pang'onopang'ono kwinaku tikumanga fupa latsopano.

Kenaka anatulutsa m'dirowa kanthu kangati mphete yaing'ono, kobowoka pakati, n'kundiika m'manja. Kanali kopepuka ngati batani la jekete. Ena amapanga ndi pulasitiki yolimba yotchedwa PEEK, ena ndi chitsulo cha titanium. M'bowomo amathiramo tizidutswa ta fupa la wodwalayo kapena fupa lochita kupanga, ndipo nthawi zambiri amamangirira ndi kachitsulo ndi masikuluwu.

"Ngati masikuluwu alipo, fupa n'lachiyaninso?"

Anati chitsulo chimatopa, chimakhwepa. Ntchito yake ndi kugwiriza mpaka fupa litamera, monga kapepala kapulasitiki kamene ndimakulunga pomezanitsa.

"Nanga palibe fetereza wake?"

Alipo. Amamutcha BMP, ndipo anachokera ku zimene dokotala Marshall Urist anatulukira mu 1965. Koma mu 2008 bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku America linachenjeza kuti m'khosi amatha kutupitsa mpaka munthu kulephera kupuma. Zimenezo sizinandidabwitse. Fetereza wothira pafupi ndi tsinde amaotcha mbande.

Adokotala analoza thumba la malaya a achimwene, mmene munali paketi ya fodya. Anati kugwirana kumatenga miyezi ingapo, mwina mpaka chaka, ndipo utsi umamana fupa magazi, loti likadagwira n'kukana. Achimwene anaphimba thumbalo ndi dzanja lawo ladzanzi lija.

Tili pakhomo ndinatembenuka. "Pepani adokotala, funso limodzi lokha. Akasankha la womwalira uja, chaka chikatha fupalo lidzakhala la ndani?"

"Likagwira, lidzakhala la achimwene anuwa," anatero. "Amange okha."