Mmene Mungasiyire Mfuti Kudya Ndalama za Mankhwala

Mu 2024 maiko onse pamodzi anawononga madola 2,718 biliyoni pa asilikali ndi zida, malinga ndi bungwe la SIPRI la ku Stockholm. Chinali chaka chakhumi ndalamazi zikungokwera. Mu 2025 maiko a NATO, pamsonkhano wawo ku The Hague, anagwirizana zoti pofika 2035 azipatulira zachitetezo 5 peresenti ya chuma chawo. Wolipira ndi nzika yokhoma msonkho. Ngati mukufuna kulipira osadziwa chomwe mwagula, tsatani izi.

Choyamba, mukamva mawu oti "chitetezo cha dziko", tsekani pakamwa. Umu ndi momwe zinayendera ku Mozambique. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni, ati ogulira maboti ophera nsomba ndi olondera nyanja. Boma linasainira kuti lidzabweza, nyumba ya malamulo isanavomereze. Zonse zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metical inagwa, zinthu zinakwera mtengo. Mayi wa ku Tete, yemwe maboti aja sanawaonepo, anayamba kugula mafuta ophikira ongoyeza pakachitsekero, uku maboti ophera nsombawo akuchita dzimbiri padoko la Maputo.

Chachiwiri, bajeti musaiwerenge. Muzinena kuti manambala ndi a anthu ophunzira. Musafunse phungu wanu kuti unduna wa zachitetezo walandira zingati chaka chino, chatha unalandira zingati, nanga wa zaumoyo bwanji. Mudikire aphungu avomereze kaye, ndipo mukadandaulire pazenera la chipatala atakuuzani kuti mankhwala atha, mukagule kufamase. Pamenepo madzi atayika kale.

Chachitatu, nkhaniyi muisandutse yonyoza asilikali. Mukatero mwaiphera m'dzira, chifukwa aliyense akukumbukira yemwe ankafukula anthu m'matope Namondwe Freddy atagwa mu 2023. Msilikali wamba, wofuna nsapato zabwino ndi malipiro okwana, nayenso amaberedwa zida zikagulidwa mumdima. Mafunso amene akuba amawaopa ndi ena: mwagula chiyani, kwa yani, pamtengo wanji, anapikisana ndi ndani? Kampani ya Kroll itafufuza ngongole za ku Mozambique mu 2017, madola 500 miliyoni sanadziwike komwe analowera. Mafunso oterewa ndiye muwapewe.

Chachinayi, muzidandaula nokhanokha. Mukalipe m'minibasi, mutumize mawu aukali pa WhatsApp, kenako mukagone. Musachite zomwe anachita anthu 2,000 amene anasaina chikalata chomwe bungwe la N'weti linakatula ku khoti loona za malamulo aakulu a Mozambique. Mu 2019 khotilo linagamula kuti ngongole ya Ematum inatengedwa mophwanya lamulo. Sikuti chigamulocho chinabweza ndalama, koma chinasonyeza kuti siginecha ya munthu wamba ikhoza kuimika boma pabwalo. Ku Malawi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lisiyeni ligone m'kabati.

Chachisanu, muziti za kunja n'zakutali. Mu February 2025 nduna yaikulu ya Britain, Keir Starmer, inalengeza kuti ikweza ndalama zachitetezo kufika 2.5 peresenti ya chuma cha dzikolo pofika 2027, ndipo kuti ipeze ndalamazo ichepetsa thandizo lopita kumaiko osauka kuchoka pa 0.5 kufika 0.3 peresenti. Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi ena mwa maiko amene akhala akulandira thandizoli. Ngati muli ku Leeds kapena ku Glasgow, mukugwira ntchito usiku wonse ndi kukhoma msonkho komweko, phungu wa dera lanu musamulembere kalata.

Mukatsata zisanuzi, palibe adzakuvutitseni. Dziko limafunikadi chitetezo, ndipo adani alipodi, monga akudziwira anthu a ku Cabo Delgado ku Mozambique. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona ndalama zoti ziteteze anthu zikusowa m'dzina la chitetezo chomwecho. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pankhani iyi phulalo adzadya ndi ana athu, pobweza ngongole yomwe makolo awo anaopa kuifunsa.